KAFUE, MZINDA UMENE UNAPHUNZITSA APHUNZITSI

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wopita ku Livingstone, akapitirira Chilanga pamene pali fakitale ya simenti, nadutsanso Shimabala pamene aphwanya miyala, amayamba kutsetsereka pang'onopang'ono pakati pa timapiri ta mitengo yaifupi. Akayenda makilomita ngati 45, dziko limatseguka mwadzidzidzi. Kum'mawa kuli mapiri amene mtsinje umalowamo popita ku Zambezi. Kumadzulo kuli dambo lalikulu loti see, losaoneka malekezero, limene m'dzinja limasanduka nyanja ya udzu ndi madzi. Pakati pa ziwirizi, m'mphepete mwa njanji, pagona mzinda wa Kafue.

Apaulendo ambiri saima nthawi yaitali pano. Basi ikaima amagula nthoci, nsomba zouma kapena cimanga coocha pa zenera, kenaka ulendo ngwomwewo kukaoloka mlatho. Ndi ocepa amene akumbukira kuti mseu womwewu unatsitsa alendo a mtundu wina, amuna ndi akazi onyamula masutukesi odzaza mabuku, amene anaoloka nyanja zamcere kudzaphunzitsa ana a dziko lino. Acikulire amene anaphunzira m'zaka zija akali kuwakamba: uje wa masamu amene anali kuyenda mofulumira ngati zampirikitsa njuci, uje wa sayansi amene anali kupukusa mutu pobvomera. Koma zimene alendowo anaona, ndi zimene zinawazunguza mutu m'miyezi yao yoyamba, sizikambidwa kawirikawiri.

Cimene anabwerera n'codziwika. Pamene Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, dziko lonse linali ndi eni dziko ngati 100 okha otsiriza maphunziro a pa yunivesite, ndipo ana a m'masukulu a sekondale anali pafupifupi 14,000. Atsamunda anakumba mkuwa zaka zambiri, koma pa za masukulu anali ouma manja. Boma latsopano, a John Mwanakatwe ali nduna ya za maphunziro, linayamba kumanga masukulu a sekondale pafupifupi m'boma lirilonse. Tsono njerwa ziumbidwa mwezi umodzi, pamene mphunzitsi aumbidwa zaka. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, koleji ya aphunzitsi a sekondale ku Kabwe mu 1967, koma ana sakanadikira kuti oyambawo atsirize. Motero Boma linaitana aphunzitsi kucokera ku Britain, Ireland, Canada, India, Ghana, Soviet Union ndi ku Ceylon, kumene tsopano kuchedwa Sri Lanka. Ena anali othawa tsankho ku South Africa ndi ku Rhodesia. Ambiri anabwera pa pangano la zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ena anali acinyamata odzipereka otumidwa ndi mabungwe monga VSO ndi CUSO.

Ku Kafue alendo otere sanayambe ndi ufulu. Mlatho wa njanji unamangidwa mu 1906, ndipo sitima ndiyo inabweretsa oyamba. M'busa John Fell wa mpingo wa Primitive Methodist, amene poyamba anagwira nchito pakati pa Atonga m'cigwa ca Gwembe, anatsegula sukulu yophunzitsa aphunzitsi pa famu yochedwa Clixby, pafupi ndi mtsinje, mu 1918. Anyamata anali kuphunzira kuwerenga pamodzi ndi kulima, kumanga ndi kupala matabwa. Bambo ameneyu anazindikira msanga kuti sungaphunzitse munthu amene sukumva cinenero cake, ndipo analemba buku la malamulo a Citonga. Pa sukulu imeneyo anaphunzirapo a Harry Mwaanga Nkumbula, amene anatsiriza Sitandadi 6 mu 1934, nadzakhala mtsogoleri wa African National Congress mu 1951. Ndiyo sukulu imene lero idziwika ndi dzina la Kafue Boys, m'manja mwa mpingo wa United Church of Zambia.

Koma mzinda umene aphunzitsi a pambuyo pa ufulu anaupeza unali wina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Boma linasankha Kafue kukhala mzinda wa mafakitale. Panamangidwa fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, ya feteleza ya Nitrogen Chemicals imene inayamba nchito mu 1970, yofufuta zikumba ya Bata, ndi nyumba zatsopano za Kafue Estates zondandalika m'mizere. Kumapiri, anthu a ku Yugoslavia anali kuchinga mtsinje kuti upereke magetsi. Ofuna nchito anakhamukira kuno kucokera ku Chipata, Petauke, Katete, Monze, Mongu ndi Kasama, ndipo amene sanapeze nyumba ku Estates anamanga zao m'makomboni. Ana ao anadzaza sukulu ya sekondale ya Naboye ndi masukulu ena. Conco mphunzitsi wocokera ku Leeds kapena ku Kerala anafika mu mzinda umene ambiri anali alendo anzake. Kusiyana kwake kunali kwakuti iwo anadziwa kupereka moni.

Coyamba kumlandira mlendo cinali dzuwa. Wofika mu Seputembala kapena Okutobala, atatsika ndeke ku Lusaka atabvala jekete la ubweya, anali kumva ngati walowa mu uvuni. Kafue ali m'munsi kuposa Lusaka, ndipo kutentha kwake nkoposa. Azungu akale mwezi wa Okutobala anaucha mwezi wodzipha. Mlendo anali kuona udzu wopserera, mitengo yoyoyoka masamba, utsi wa lupsa ndi fumbi, nadzifunsa kuti nanga Afirika wobiriwira wa m'zithunzi uja ali kuti. Kenaka mvula yoyamba inali kugwa ndi ziphaliwali, nthaka n'kununkhira, inswa n'kutuluka, ndipo iye anali kuima kukamwa yasa poona anyamata akulimbirana tizilomboto pansi pa nyali ndi zidebe m'manja.

Nthawi nayo inali yozondoka. Kwao ku Ulaya mwezi wa Juni dzuwa limalowa usiku anthu atadya kale. Kuno mdima unali kugwa msanga ngati munthu watseka citseko, caka conse. Juni yemweyo, amene kwao ndi wofunda, kuno anali wa cisanu, m'nyumba zopanda moto wa m'kati. Khirisimasi inabwera ndi matope ndi mango. Caka ca sukulu cinayamba mu Januwale. Ndipo pamene mkulu wa sukulu ananena kuti msonkhano udzakhala pa 14, mlendo anayenera kuwerenga zala kuti adziwe kuti akunena 2 koloko masana. Mtsinje wokongola uja, umene anaganiza kuti adzasambamo tsiku lotentha, anamuuza kuti muli ng'ona, mvuu ndi likodzo. Usiku udzudzu wa kudambo unali kuimba kunja kwa neti, ndipo mlungu uliwonse anali kumeza mankhwala owawa oletsa malungo.

Zimenezi zinali zopepuka. Thupi limazolowera m'milungu yocepa, ndipo pofika Epulo mlendo yemweyo anali atayamba kudandaula za kuzizira ngati mbadwa. Zobvuta zenizeni zinali za anthu.

Zinayambira pakhomo pa nyumba. Asanamasule n'komwe katundu, anthu anali atafika ndi makalata a umboni m'manja kufuna nchito yophika, yocapa kapena yolima m'dimba. Mnyamata wa zaka 22, mwana wa munthu wokumba malasha kapena woyendetsa basi, amene moyo wake wonse sanatumepo munthu, anadzamva bambo wa imvi akumuchula kuti bwana. Ena anacita manyazi nakana kulemba munthu nchito, osadziwa kuti anansi adzawayesa oumira amene akumana m'bale wao malipiro. Ena anabvomera, koma pofuna kuonetsa kuti onse ndi amodzi anauza bambo wa imviyo kuti aziwachula dzina lao loyamba ndi kudyera nao pa tebulo. Bamboyo anali kumwetulira, nabvomera mwaulemu, napitiriza kucita monga kale. Kuchula munthu wamkulu dzina lake lobadwa nalo, popanda ngakhale "a" patsogolo, linali khalidwe limene iye sakanaliphunzira pa ukalamba.

M'kalasi ndimo munali nkhani yaikulu. Mlendo wocokera ku masukulu a m'mizinda ya ku Britain anazolowera ana aphokoso, oponyerana mapepala, ofunika kuwakalipira. Kuno analowa m'cipinda ca ana makumi anai, onse n'kuimirira pamodzi, n'kupereka moni ndi liu limodzi, n'kukhala cete. Ena mwa anyamata a kumbuyo anali ndi ndebvu, a msinkhu wake kapena kumposa, popeza ambiri anayamba sukulu mocedwa ataweta ng'ombe zaka zingapo. Tsiku loyamba anali kukondwa, nalembera makolo ake kuti ana a kuno ndi angelo. Pofika mlungu wacitatu kukhala cete komweko kunayamba kumuopsa. Akafunsa funso, palibe wokweza dzanja. Akafunsa ngati amva, onse anali kuyankha kuti inde. Akapereka mayeso, n'kupeza kuti theka silinamve kanthu.

Iye anayesa kuti ana akumnamiza. Sanadziwe kuti "inde" wa mwana woleredwa bwino sikuti nthawi zonse atanthauza kuti nkhani yalowa. Kawirikawiri atanthauza kuti mau a wamkulu afika m'khutu ndipo alandiridwa mwaulemu. Kuuza mphunzitsi pamaso pa gulu kuti sunamve kuli ngati kumuuza kuti sadziwa kuphunzitsa, ndipo mwana wa munthu sangacite zotero. Cinanso, Cizungu cimafunsa mozondoka. Mphunzitsi akafunsa kuti kodi sunabweretse buku, mwana anali kuyankha kuti inde, kutanthauza kuti inde sanabweretse, monga mwa Cinyanja ndi Citonga. Mphunzitsi anali kumva kuti wabweretsa, natambasula dzanja, ndipo mlandu unali kuyambira pomwepo.

Panalinso nkhani ya maso. Kwao kwa mlendoyo, mwana wosayang'ana mkulu m'maso poyankha ndiye kuti akubisa kanthu. Kuno mwana woyang'ana mkulu m'maso ndi wamwano. Motero mphunzitsi akamdzudzula mnyamata, mnyamatayo anali kuzolika, mphunzitsi n'kupsa mtima koposa, nalamula kuti amuyang'ane. Mwanayo, pofuna kuonetsa ulemu woposa, anali kuzolika koposa, mwina n'kumwetulira pang'ono cifukwa ca manyazi. Kumwetulirako mlendo anakuyesa cipongwe. Anthu awiri, onse a mtima wabwino, anali kulakwirana popanda wodziwa. Mtsikana akabwera ku ofesi n'kugwada pakhomo, kapena kulandira kope ndi manja awiri, mphunzitsi wamkazi wocokera ku Canada anali kumva cisoni, nayesa kuti ndi ukapolo wotsalira kwa atsamunda, osadziwa kuti mtsikanayo amagwadiranso amai ake omubala.

Anawo naonso anali ndi mtolo wao, ndipo mwina unali wolemera kuposa wa mlendo. Kuyambira mu 1966 Cizungu ndico cinali cinenero cophunzitsira kuyambira kalasi loyamba, koma Cizungu cimene mwana anamva ku pulaimale cinali ca aphunzitsi a kuno. Pofika ku sekondale anapeza Zizungu zisanu pa tsiku limodzi. M'mawa ca munthu wa ku Scotland, cogubuduza lilime. Kenaka ca ku Ireland, cothamanga. Masamu m'Cizungu ca ku India, sayansi m'Cizungu ca ku Russia, mbiri m'Cizungu ca ku Ghana. Mabuku ambiri anali olembedwera ana a ku England, okamba za cipale cofewa cogwa kumwamba ndi maluwa amene palibe anawaonapo. Ana anapirira, naphunzira kumva onsewo, nabwezera mwa njira yao: mphunzitsi aliyense anampatsa dzina lacinsinsi, lotengera kayendedwe kake, mphuno yake kapena liu limene anakonda kubwereza. Ambiri anabwerera kwao osalidziwa dzina limenelo. Wolidziwa n'kuseka nao, ameneyo ndiye anali atafika.

Wina anganene kuti izi ndi nkhani zoseketsa cabe. Si conco. Kumapeto kwa Fomu 5 kunali mayeso a Cambridge, amene mapepala ake anali kukacongedwa kutsidya kwa nyanja. Mwana wopambana anali kupeza malo ku yunivesite kapena nchito ya muofesi, nasenza banja lonse. Kumbuyo kwa mnyamata aliyense wokhala cete uja kunali ng'ombe yogulitsidwa ku Namwala, matumba a nshawa a ku Katete, kapena atate ogwira nchito ya usiku pa makina oluka nsalu. Mphunzitsi wotaya miyezi isanu ndi umodzi asanazindikire kuti ana sakumumva anali kudya ng'ombe imeneyo. Anzeru anafunsa msanga kwa aphunzitsi anzao a kuno, popeza safunsa anadya phula. Anauzidwa kuti alankhule pang'onopang'ono, alembe pa bolodi, aleke kufunsa gulu ngati lamva, koma aitane mmodzi kudzacita samu pamaso pa anzake, ndiponso kuti akhale pansi pa mtengo madzulo. Kumeneko, kutali ndi maso a gulu, mwana yemwe uja wosalankhula m'kalasi anali kubwera ndi mafunso khumi.

Palibe cimene cinasokoneza alendo koposa ubale ndi maliro. Mnyamata anali kubwera kudzapempha cilolezo cakuti atate ake amwalira. Mphunzitsi anali kumva cifundo, mwina n'kumpatsa ndalama ya basi. Patapita miyezi inai mnyamata yemweyo anali kubweranso ndi uthenga womwewo. Pamenepo mlendo anali kutsimikiza kuti wagwira wabodza, pakuti munthu angakhale bwanji ndi atate awiri? Panafunika mnzake wa kuno kumkhazika pansi ndi kumlongosolera kuti abale a atate onse ndi atate, aakulu ndi aang'ono, abale a amai onse ndi amai, ndipo ana ao ndi abale enieni. Mwina amene amwalira kaciwiriwo ndiwo anali kulipira sukulu. Cizungu ciri ndi mau olekanitsa anthu amene kuno salekanitsidwa, ndipo mwanayo anangosankha liu loona.

Maliro akagwa pafupi, mlendo mwa mwambo wa kwao anali kukhala m'nyumba mwake, poganiza kuti ofedwa afuna kukhala okha ndipo iye sanaitanidwe. Anansi anaona citseko cotseka, naweruza kuti ndi munthu wouma mtima. Palibe anamuuza kuti ku maliro saitana. Wolimba mtima n'kupitako anapeza amuna atakhala panja mozungulira moto usiku wonse, akazi ali m'nyumba, nyimbo zikumveka mpaka mbandakuca. Sanafunikire kunena kanthu, koma kukhala pansi cabe. Kumeneko anaonanso cina comuimitsa mutu: anthu ena akunyoza ofedwa, kuwapaka ufa kumaso, kuwalipiritsa ndalama, onse n'kumaseka pakati pa misozi. Iye anayesa kuti ndeu iri pafupi. Cinali cimbuya, ubale wa nthabwala wa pakati pa anthu a kum'mawa ndi Abemba, kapena Atonga ndi Alozi, umene umapeputsa cisoni ndi kugwira nchito zimene ofedwa sangathe. Mu mzinda wa mitundu yosakanizika ngati Kafue, cimbuya cinali paliponse, m'fakitale, pa msika, ngakhale m'cipinda ca aphunzitsi, kumene mlendo anamva anzake awiri akuchulana akuba ndi odya mbewa pa tiyi wa m'mawa.

Moni wokha unatenga miyezi. Munthu wozolowera kulowa m'sitolo n'kuchula cimene afuna anadabwa kuona wogulitsa akumuyang'ana mozizira. Anayenera kuphunzira kuyamba ndi "Muli bwanji?" kapena "Mwabuka buti?" kwa Atonga, kudikira yankho, kufunsa za kunyumba, ndipo pambuyo pake nkhani ya sopo. Mlendo akagogoda pakhomo pake Lamlungu masana osapangana, iye anali kuima pacitseko n'kufunsa cimene afuna, funso limene kuno safunsa ngakhale kwa mdani. Pocoka anali kutsazikira pakhomo n'kutseka, m'malo moperekeza mpaka pa mseu. Mphunzitsi wamkazi akauzidwa kuti wanenepa anali kulira m'cipinda, osadziwa kuti amuyamikira. Yemweyo anadabwa kuona amai akuyamwitsa poyera m'basi popanda wowayang'ana, pamene siketi yake yaifupi, imene inali fashoni ku London m'zaka zimenezo, inali kutembenuza msika wonse. Citenje coyamba cimene mnansi anampatsa cinali mphatso, cinalinso uphungu.

Za nsima nzodziwika. Mlendo anapempha supuni, anatentha zala, anatema mbamu yaikulu ngati dzira la nthiwatiwa, anadya ndiwo zonse nsima ikali phiri. Ena anafika poikonda ndi nsomba ya mumtsinje kapena kapenta. Pa finkubala ndi mbewa ambiri anagonja.

Sikuti onse anali azungu, ndipo aliyense anapunthwa pa citsa cake. Aphunzitsi a ku India, ambiri a iwo ocokera ku Kerala, anabwera ndi mabanja nagwira masamu ndi sayansi m'masukulu oculuka. Anthu anawayesa amodzi ndi amwenye a masitolo a ku Lusaka, pamene cinenero cao cinali cina, ndipo ambiri anali Akhristu opita ku chalichi Lamlungu. Kupukusa mutu kwao pobvomera ana anakuyesa kukana. Pa Ciweru anali kukwera basi kupita ku Kamwala kukafuna mpunga ndi zokometsera ndiwo. Wa ku Ghana bvuto lake linali la mtundu wina: khungu lake silinanene kuti ndi mlendo. Amai pa msika anali kumlankhula m'Cinyanja, iye n'kuyankha m'Cizungu, iwo n'kumuyesa mwana wa kuno wodzitukumula cifukwa ca sukulu. Mzungu akalakwa mwambo anthu anali kuseka n'kumkhululukira. Munthu wakuda akalakwa mwambo womwewo anali kumdabwa. Ndiwo za kuno kwa iye zinali zozizira, zopanda tsabola. Koma othawa ku South Africa ndiwo anasenza colemera koposa, pakuti anzao onse anali kuwerenga miyezi yotsala kuti abwerere kwao, pamene iwo analibe tsiku lowerengera.

Kusungulumwa kunali kufika mwezi wacitatu kapena wacinai, zacilendo zitatha kukoma. Kalata yopita ku Ulaya ndi yankho lake zinali kutenga milungu. Madzulo kunali wailesi, nyali ndi mulu wa makope. Apa njira zinali kupatukana. Ena anathawira ku makalabu a azungu okhaokha, kumene otsalira a nthawi ya atsamunda anali kuwathira m'khutu kuti anthu a kuno sasintha, ndipo anatha zaka zitatu osalowapo m'nyumba ya munthu wa mu Zambia Compound kapena Shikoswe. Ena anagwira mowa. Ena ananyamuka pangano lisanathe, kusiya kalasi la mayeso lopanda mphunzitsi wa masamu mpaka caka kutha. Koma ena anatsegula citseko. Anayamba timu ya mpira, kwaya kapena dimba la sukulu, anapita ndi ana kumidzi yao pa chuthi, anaphunzira kuomba m'manja pamaso pa mfumu. Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kameta pokhapo mwini mutu atakhala pansi mwa kufuna kwake.

Obwera m'zaka za pambuyo anapeza dziko lothina. Malire a Rhodesia anatsekedwa mu 1973, mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo m'masitolo munayamba kusowa shuga, sopo, mafuta ophikira, nthawi zina ngakhale ufa. Mphunzitsi wa digiri anaphunzira kuima pa mzere umene sanadziwe kuti ukugulitsa ciani, ndi kuyamika mnansi womnong'oneza kuti sopo wafika. Ndalama zotumiza kwao zinali kucedwa cifukwa ndalama zakunja zinasowa. Mu 1978 ndeke za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndipo mu 1979 milatho ingapo ya dziko lino inaphulitsidwa. Mlatho wa Kafue, pokhala khosi la njira ya kum'mwera, unali kulondedwa ndi asilikali usana ndi usiku. Mlendo wofuna kujambula dzuwa likulowa pamtsinje anaphunzira msanga kusiya kamera kunyumba, pakuti masiku amenewo nkhope yacilendo pafupi ndi mlatho inali kufunsidwa mafunso ambiri. Kangapo amene anali kumuombola pa malo ofufuzira anali msilikali wacinyamata amene anadutsa m'kalasi la mphunzitsi wotere.

Pofika m'zaka za m'ma 1980 makoleji a kuno anali atatulutsa aphunzitsi okwanira maphunziro ambiri, ndipo alendo anacepa caka ndi caka. Mlendo ndi mame. Ocepa anakwatira kuno nakhala machona, ena mwa iwo anaikidwa m'nthaka ya dziko lino. Ana amene anawaphunzitsa anakhala madokotala, mainjiniya a ku Kafue Gorge, oweruza milandu, ndi aphunzitsi a masukulu omwewo. Mzinda naonso unaona zake: fakitale ya nsalu inatsekedwa m'zaka za m'ma 2000, mabanja ambiri a ku Estates anasowa pogwira, kenaka panabwera fakitale ya zitsulo ndi malo atsopano opangira magetsi kumunsi kwa mapiri.

Ndipo mseu uja unatembenuka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'zaka za m'ma 1990, kwacha itafooka, aphunzitsi ambiri a Zambia ananyamula masutukesi ao kupita ku Botswana, ku Namibia ndi ku Swaziland. Ambiri anadutsa pa Kafue pomwepa, naoloka mlatho, nalunjika ku Livingstone ndi ku Kazungula. Kutsidyako anapeza dziko la mcenga ndi minga, usiku wa cisanu columa mafupa, phala la mapira m'malo mwa nsima, ndi ana oyankhulana m'Citswana amene anali kuseka Cizungu ca mphunzitsi watsopano. Pa msika amai anali kuwalankhula m'cinenero ca komweko, n'kudabwa kuti munthu wakuda sayankha. Madzulo anali kukhala pansi kulemba kalata yopita ku Kafue, yofunsa ngati mvula yagwa, ndi yopempha kuti wina wobwera awatengereko kapenta ndi nyemba za ku Solwezi.